Mbale ya Phala la Koko ku Hawaii

Amene mukuti ine Nachisale ndangopeka, khalani pansi mumve kaye, mutsutse ndikamaliza. Folomu 4 ndinaimaliza ine, ndipo izi anandiuza ndi namwino wa ku Hawaii amene ndinkamumasulira Chichewa cha odwala, ena onse atalephera.

Panali mayi wina wamasiye pa zilumba za Hawaii. Anali ndi ana aamuna awiri ndi dimba limodzi la koko. Kumeneko koko amamulemekeza ngati mkulu wawo wobadwa naye, ndipo banja amalitcha ohana, kufanizira tiana ta koko tophukira pa tsinde limodzi. Tsono mwambo wawo ngwakuti mbale ya phala la koko ikavundukulidwa, palibe wokweza mawu. Sukangana pamaso pa mkulu wako.

Anawo anayamba kulimbirana ngalande yothirira dimba. Mayi uja ankati akaona nkhope zasintha, amathamangira mbale n'kuvundukula. Onse zii. Iye mtima pansi, ati wagwira banja.

Tsiku lina wamng'ono anabwera yekha. "Amayi, itanani akuluakulu tichite ho'oponopono." Kumeneko ndiye kukhala pansi banja lonse, aliyense kutulutsa zakukhosi mpaka kukhululukirana. "Achimwene anditsekera madzi. Koko wanga akuuma ndikuona."

Mayi anaopa zomwe zingatuluke pakamwa pa ana ake. Anamva mapazi a wamkulu pakhomo. Anatambasula dzanja n'kuvundukula mbale.

Wamng'ono uja anayang'ana phalalo, nadya mwaulemu, nasamba m'manja, natuluka. Sanapemphenso.

Mayi atamwalira, panalibenso wovundukula mbale. Mawu onse amene ankamezera limodzi ndi phala anatuluka tsiku limodzi, maliro asananyamuke. Dimba analigulitsa kwa omanga hotela. Lero mawu oti ohana analembedwa pageti pa hotelayo kuti alendo azijambulitsapo, ndipo ana aja akakumana panjira, wina amayang'ana kunyanja, wina kuphiri.

Inu amayi okonda kuti "idyani kaye, tikamba mawa," mbale yanu ija ikutseka pakamwa pa ndani? Chithupsa sichipola pochifunditsa chitenje. Koma ndikudziwa, mukafika kunyumba mukavundukulabe.

Fanizoli ndinawauza alongo anga awiri atayamba kulimbirana dimba la malemu amayi athu. Ndinalikamba bwino, palibe akanandiposa. Chomwe ndinapindula ndi ichi: dzina loti Mayi Hawaii, ndi kukamvera kuchigayo kuti dimbalo anagulitsa kale.