Tsiku Limene a Mwetulirani Anasiya Kumwetulira

Pakati pa sitolo ya mankhwala ndi kokonzera nsapato panali kachipinda kojambulira zithunzi. Mwini wake anthu ankangomutchula kuti a Mwetulirani, chifukwa ndiwo mawu amene ankauza aliyense wokhala pa mpando wawo, ngakhale wodzajambulitsa chithunzi cha pasipoti chimene sichifuna mano. Pa kamera anali katswiri, apo tisawanamizire. Nthenda yawo inali imodzi: mawu akuti "sindikudziwa" ankawaima pakhosi ngati munga wa nsomba.

Akazi awo ndiwo ankasindikiza zithunzi ndi kuzimata m'maalubamu. Kompyuta inali imodzi, pakona pafupi ndi pulinta, koma bambo ndi mayi aliyense anali ndi akaunti yake yolowera. Anawakonzera zimenezi ndi mng'ono wa mayiwo, amene ankagwira ntchito ya makompyuta mu ofesi ina kutsidya kwa tauni. Zithunzi zonse za makasitomala zinkakhala mu foda imodzi yaikulu.

Mkangano unabuka chifukwa cha mayina. A Mwetulirani akasunga zithunzi ankazitcha "zatsopano", kenako "zatsopano zina", kenako "zomaliza", "zomaliza zenizeni", mpaka "zomaliza zenizeni osakhudza". Lolemba lina mayi atatopa ndi kufufuza, anasesa m'fodamo, chilichonse n'kuchipatsa dzina la mwini wake ndi tsiku lake. Bambo atazipeza, anakwiya ngati munthu amene amuchapira malaya muli kalata m'thumba.

"Ndani walowa m'katundu wanga?"

"Ndakonzamo ndine, bambo. Dzulo ndinatsala pang'ono kupatsa wodwala shuga uja zithunzi za mpikisano wa makeke."

"Ine ndimadziwa pamene pali chilichonse. Kuyambira lero foda imeneyi ndiitseka."

Masana amenewo mlamu wawo uja anadutsa kudzapereka moni, ndipo anapeza nkhope zili ndwii. Atamva nkhaniyo anati, "Alamu, zimenezo n'zosavuta. Foda iliyonse ili ndi malo ogawira zilolezo. Mutha kunena kuti achemwali aziona zithunzi n'kumasindikiza koma asamasinthe mayina. Kungoti pali mabokosi ena oti musawakhudze. Bwerani ndikuonetseni."

"Ndikudziwa kale zimenezo," anatero a Mwetulirani akupukuta galasi la kamera limene linali loyera kale.

Mlamuyo anayang'ana mkulu wake, mkulu wake anayang'ana kudenga, ndipo awiriwo anatuluka kukagula mapepala a pulinta.

Atatsala okha, bambo aja anakoka mpando. Malo a zilolezo anawapezadi, atasochera kangapo. Panali mndandanda wa mayina, ndipo pambali pake panali mizere iwiri ya timabokosi, wina wololeza, wina wokaniza. Pamndandandapo panali dzina lawo, la akazi awo, ndi lina lotanthauza "aliyense". Apa maso awo anawala. Kuvutikiranji kugwira nkhuku imodziimodzi pamene ungathe kungotseka khola? Anasankha "aliyense" uja n'kuchonga mabokosi onse okaniza, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kompyuta, mwa ulemu wake, inatulutsa chenjezo lalitali, kuwafunsa ngati akutsimikizadi. Iwo analikankha osawerenga, ngati akuingitsa ntchentche, ndipo tsiku limenelo anaweruka akuimba likhweru.

M'fodamo munali zithunzi za ukwati umene anajambula Loweruka. Khadi la m'kamera anali atalifufuta kale kuti ajambulire zina, choncho zithunzizo kwina kulikonse kunalibe. Akwatiwo ankayenera kunyamuka Lachiwiri pa basi ya 2 koloko kupita ku mzinda wakutali kumene mwamunayo ankagwira ntchito, ndipo a Mwetulirani anali atalonjeza, dzanja pamtima, kuti alubamu apita nayo.

Lachiwiri m'mawa, nthawi isanakwane n'komwe, mayi ake a mkwatibwi anafika ndi akwati awiriwo n'kukhala pa benchi. Anali mayi wa thupi lake ndi mawu ake, wosazolowera kubwereza zimene wanena.

"Khalani, khalani, amayi," anatero a Mwetulirani. "Muzisankhe nokha, n'zokongola zedi."

Anadina foda. Kompyuta inayankha kuti alibe chilolezo. Anadinanso mwamphamvu, ngati kuti foda imamva kuwawa. Anazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso, anauzira mausi, kachipangizo kodinira kaja, anagwedeza mawaya onse kuseri kwa tebulo. Atabwerera ku malo a zilolezo kuja kuti akachotse zimene anachonga, anapeza kuti nakonso sakuloledwa kusintha kanthu.

"Zithunzi za mwana wanga zilipo?" anafunsa mayi aja.

"Zilipo, amayi. Zili m'katimu."

"Ndiye zitulutsenitu."

Apa mantha anawagwira a Mwetulirani, mantha enieni. Ukwati suchitika kawiri kuti wojambula akonze zimene walakwitsa. Mkwatibwi anali atayamba kupotokola kansalu m'manja, misozi ili m'mphepete. Thukuta linatsika m'khosi mwa bambo aja mpaka kolala inanyowa. Anacheukira akazi awo, amene ankadula mapepala mwaufulu ngati palibe chikuchitika.

"Mayi, kodi inuyo simunagwireko pano?"

"Ine? Ine munanditsekera panja dzulo, bambo. Wapanja sadziwa za m'nyumba."

Wotchi ya pakhoma itadutsa 11 koloko, a Mwetulirani anapempha kuti mlamu wawo amuimbire foni. Akazi awo anaimba, n'kukweza mawu a foniyo kuti chipinda chonse chimve, ati manja ali ndi guluu.

"Alamu, mwati mwakaniza ndani?"

"Aliyense."

"Nanga inuyo, alamu, si munthu?"

Mkwati anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

"Koma dzina langa lilipo payekha," anatero a Mwetulirani, "ndipo n'lololezedwa."

"Mabokosi aja ndinkati musawakhudze ndi amenewo. Pa kompyutayo kukaniza kumaposa kuloleza. Mukakaniza aliyense, nanunso mwadzitsekera, ndipo makiyi mwawaponya m'kati. Amene angatsegule tsopano ndi mwini foda yekha."

"Mwini wake ndine."

"Inu ndinu mwini shopu, alamu. Mwini foda ndi amene anaipanga. Tsiku lija ndinkakonza kompyutayi ndinakuitanani kuti mudzaipange nokha. Munati mukudziwa kale, n'kupita kokameta. Anaipanga ndi achemwali."

Lumo la akazi awo linkangopitiriza ntchito yake. A Mwetulirani anadzuka pa mpando pang'onopang'ono n'kuutembenuzira kwa akazi awo.

"Mayi, tatiyeni mukhale apa."

"Ndikachite chiyani, bambo? Inu mukudziwa kale."

Bambo aja anayang'ana mkwatibwi, anayang'ana wotchi, ndipo munga uja unatuluka. "Sindikudziwa, mayi. Ndithandizeni."

"Mwamva nonse?" anatero mayi ake a mkwatibwi. "Mwana wanga, lemba tsiku la lero. Ena timakalamba osawamvapo mawu amenewa m'nyumba."

Akazi a Mwetulirani anapukuta manja, n'kulowa ndi akaunti yawo. Mng'ono wawo ankanena pa foni, iwo n'kumawerenga chilichonse chotuluka pa sikirini asanadine. Anachotsa zochonga zija zonse, ndipo sipanathe mphindi zisanu foda inatseguka. Mkwatibwi atadziona m'diresi lake loyera analira ndi kuseka nthawi imodzi. Zithunzi za ukwatiwo sanavutike kuzifufuza, poti zinali pansi pa dzina la akwatiwo ndi tsiku lake, monga mmene mayi anazikonzera Lolemba. Pulinta inalira, guluu anayenda, a Mwetulirani akupatsira mapepala ngati wophunzira ntchito, ndipo alubamu inatuluka pakhomo basi itatsala ndi theka la ola.

Asanadzuke pa mpandopo, mayi anafunsanso mng'ono wawo mafunso awiri atatu chapansipansi, n'kuchonga timabokosi tingapo. Bambo sanafunse kanthu, poti tsiku limenelo mafunso anali atawathera.

Anazindikira Lachitatu. Atakopera zithunzi zatsopano mu kafoda kamene mayi anawapangira kolandirira, analowa mu foda yaikulu ija kuti alubamu ya dzulo aitche "zomaliza zenizeni". Zithunzi zinatseguka bwinobwino, koma dzina linakana kusintha.

"Mayi, kompyutayi yayambanso."

"Sinayambenso, bambo. Kuona muziona mmene mungafunire, koma kusintha muzigogoda kaye." Anawayang'ana nkhope ija ili yakugwa, n'kunyamula kamera pa tebulo. "Nanga nkhopeyo bwanji? Mwetulirani."

Wokonza nsapato, amene anamva zonse kudzera pakhoma la matabwa, anafalitsa nkhaniyi msewu wonse dzuwa lisanapendeke. Mpaka lero wina akayamba kukana malangizo asanawamve, anthu a pamenepo amaloza kachipinda kaja n'kumukumbutsa kuti ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.