Telala ndi Masamba Pamsewu

Kudera lina la mapiri kunali munthu wina wosoka zovala. Anali telala wa pakhonde pamsika, wa makina opondaponda aja. Sabata yonse ankakhala pampando, msana utapindika, maso ali pa singano. Koma likafika Loweruka masana, ankavindikira makinawo ndi chitenje n'kutulutsa njinga yake yakapalasa. Sankapita kuchigayo kapena kukapikula nsalu, ayi. Ankangopalasa basi, kuti mphepo imuwombe.

Sanali yekha. Panali azibambo anzake a pamsika pomwepo amene ankakonda zomwezo, ndipo wolongolola kwambiri mwa iwo anali a Kamtedza, ogulitsa nyama. Anthu ankawaseka kuti azibambo akuluakulu akungotha matayala popanda kolowera. Iwo analibe nazo ntchito. Ankatsetsereka mitsetse, kudutsa m'minda ya kachewere, kukwera zitunda, n'kubwerako fumbi lili mbuu, mitima ili mbee.

Tsono msikawo unali pamwamba pa chitunda chachikulu chimene anthu ankachitcha Mtyolamsana. Pobwerera kwawo, opalasawo ankayamba atsetsereka kuchokera tsidya lina, n'kuwoloka kamlatho ka pakhwawa, kenako chitundacho chili njo patsogolo pawo. Nzeru yake inali imodzi. Liwiro la pamtsetse ndilo linkamuponya munthu mpaka pakati pa chitunda, kwinako n'kumalizitsa ndi miyendo. Wogwira mabuleki pakamlatho ndiye kuti zake zada.

Anzake onse ankakwera Mtyolamsana osatsika njinga. Telala yekha ndiye ankalephera. Njinga yake inali yakuda, yachikale, yolemera ngati ngolo, imene anasiya malemu bambo ake. Akafika pakati, tcheni chinkalira, mawondo n'kukana, iye n'kutsika, n'kuyamba kukankha. Loweruka lililonse ankafika pamwamba akukankha, anzake atakhala kale pamthunzi akutafuna nzimbe. Basi anamupatsa dzina lakuti a Kankhani.

Abale anga, mukudziwa mmene dzina lachipongwe limamerera mizu. Linachoka pakati pa opalasa njinga n'kulowa mumsika monse. Amayi ankauzana kuti akasoketse kwa a Kankhani. Ngakhale alendo ankaganiza kuti ndilo dzina lake lenileni. Iye ankaseka nawo, poti munthu wamkulu sakwiyira nthabwala pagulu. Koma ndikuuzeni zoona, mumtima zinkamuwawa kwambiri.

Ndiye anatsimikiza mtima kuti agula njinga yatsopano. Anasoka mayunifolomu a sukulu mpaka maso kuchita chidima, nyengo ndi nyengo, osadandaula. Tsiku lake litakwana anakwera minibasi kupita m'tauni, ndipo sanagule mothamanga. Ankanyamula njinga iliyonse ndi dzanja limodzi kuti amve kulemera kwake. Ankazunguza tayala n'kutchera khutu, monga amamvetserera makina ake akafuna mafuta. Pomaliza anasankha yobiriwira, yamagiya, yopepuka ngati dengu lopanda kanthu.

Atafika nayo pakhomo, akazi ake anaizungulira, n'kufunsa kuti, "Bambo a kunyumba, nanga keliyala ili kuti? Chimanga tidzachiika pati?"

Iye anati, "Ya chimanga ndi yakuda ija, mayi. Iyi ndi yochotsera dzina."

Mapepala apulasitiki amene anakutira njingayo kusitolo sanawachotse, kuti aliyense aone kuti ndi yatsopano. Ankaipukuta m'mawa uliwonse ngakhale isanayende. Ndipo ine sindimuimba mlandu, chifukwa chinthu chimene munthu wachikhetsera thukuta ndi choyenera kuchinyadira.

A Kamtedza ataiona anaimba mluzi. Anati, "Chabwino, achimwene. Loweruka ife tikhala pamwamba pano, inu muyambire tsidya lija. Phazi likapanda kugunda pansi, dzina lafa. Likagunda, mudzapita nalo kumanda." Telala anavomera pamaso pa anthu, ndipo nkhani inawanda msika wonse.

Loweruka linafika. Anthu anasonkhana pamwamba pa Mtyolamsana, pamene chigwa chonse chimaonekera. Ena anatseka maokala awo. Akazi a telala anabwera atavala chitenje chatsopano. Iye anazungulira njira ina mpaka tsidya lija, anakonza chipewa, n'kuyamba kutsetsereka.

Ha, njinga ija inkayenda! Sinkalira kweche kweche ngati yakale. Inkangodula mphepo mwakachetechete, mitengo ya bulugama ikuthawira kumbuyo. Miyendo inali yamphamvu, chifuwa chili bwino. Kwa nthawi yoyamba pa moyo wake anachiyang'ana chitunda chija osachiopa. Anadziwa mumtima kuti lero chigonja.

Atangokhota kuti aone kamlatho, anaona masamba aawisi atayalidwa modutsa msewu.

Palibe pano amene sadziwa tanthauzo la masamba otero. Pamudzi pagwa zovuta. Wagalimoto amachepetsa liwiro. Wachipewa amavula. Wanjinga amatsika, n'kuyenda chokankha mpaka atadutsa masamba a mbali inayo. Ndi mmene timauzira anamfedwa kuti taona misozi yawo, ngakhale sitikuwadziwa.

Tsono tamverani mmene mayesero amabwerera. Nyumba ya zovutayo inali ya anthu obwera, aganyu a m'minda ya kachewere, opanda abale kuderalo. Pamsewu panalibe munthu womuimitsa. Pamasambapo panali mikwasa ya matayala, kusonyeza kuti ena anadutsa kale osalabadira. Anthu a pamwamba aja sankatha kuona masamba patali choncho, ankangoona kadontho kakuthamanga. Kanali kanthawi kochepa chabe, kungotsinzina n'kudutsa. Mawu ena mumtima mwake anati, "Pita, ukamalize. Ubwera mawa kudzapepesa bwinobwino." Ndipo mawuwo ankamveka anzeru ndithu.

Kenako anamva kulira kwa mayi mmodzi m'nyumbamo. Mmodzi yekha, abale, popanda womulandira.

Telala anafinya mabuleki. Njinga inakhwekhwereza pafumbi n'kuima masamba asanawaponde. Phazi linagunda pansi. Pamwamba paja panamveka mfuu, ndipo mphepo inaubweretsa mpaka kukhwawa. Anaumva bwinobwino. Anavula chipewa, anagwira njinga yake yatsopano, n'kuyamba kukankha.

Pansi pa mtengo wa mango panali bambo wina wachikulire atakhala yekha, manja ali m'mutu. Telala anaganiza kuti, poti ndatsika kale, ndithamangiranji? Anatsamiritsa njinga pamtengo, anakhala pansi pafumbi, n'kunena kuti, "Pepani bambo ndi zovutazi."

Bamboyo anadzutsa mutu. Anati, "Ndi mwana wanga wamkazi, watisiya m'mawa uno. Ndimayesa kuno masamba sawadziwa."

Anangokhala limodzi, monga timachitira pasiwa. Amayi ena amene ankachokera kudimba ataona njinga yonyezimira pamtengo anapatuka, anamva zimene zachitika, natula madengu awo n'kulowa m'nyumba. Kulira kuja kunapeza okulandira.

Dzuwa litapendeka, telala anatsanzika. Masamba a mbali inayo anali pamene chitunda chayamba kale kuimirira. Anayesa kukwera njinga pamenepo, koma tayala lakumbuyo linkangoterereka pamiyala, ndipo mphamvu zija zinali zitazizira. Anatsikanso. Anafika pamwamba pa Mtyolamsana akukankha, monga masiku onse, koma lero akukankha njinga yamagiya, anthu akuona.

Mwina mukuganiza kuti atafotokoza anamuwombera m'manja. Ayi ndithu, anthu sali choncho. A Kamtedza anaseka mpaka kugwira nthiti. Anati, "Maliro akupulumutsani, a Kankhani! Mukanatsika ndithu pakati paja, koma mwapeza pothawira." Anthu anagwa nacho chiseko. Zinamupweteka, chifukwa iye yekha ndiye ankadziwa kuti tsikulo akanakwera, ndipo panalibe njira yowatsimikizira. Pangano linali pangano. Dzina lija linakhala.

Iye sanakangane nawo. Anangouza anthuwo kuti kukhwawa kuli anzathu alibe owathandiza kukumba manda. Akazi ake anayandikira, anamuchotsa udzu umene unamatirira pa buluku, n'kunyamuka naye limodzi, iye akukankha njinga, iwo ali pambali pake mutu uli m'mwamba. M'mawa mwake awiriwo anatsikira kukhwawa ndi khasu ndi ufa, ndipo ena mwa oseka aja anawatsatira mwamanyazi.

Abale ndi alongo, ine munthu ameneyu ndimamunyadira. Ndikanakhala m'bale wake, bwenzi ndikuyenda modzitukumula mumsika monse. Wokwera chitunda osatsika ndi wamphamvu, inde, ndipo timuyamikire. Koma miyendo yamphamvu ilipo yambiri m'dziko muno. Chosowa ndi munthu amene angaime ali pa liwiro, pamene chimene wachilakalaka zaka zambiri chili pafupi kugwirika, chifukwa choti munthu wosamudziwa akulira.

Tanthauzo lake ndi ili. Aliyense wa ife ali ndi chitunda chake chimene akufuna kukwera. Wina ndi bizinesi, wina ndi sukulu ya ana, wina akumanga nyumba ya malata kuti amene ankamunyoza atseke pakamwa. Zimenezi si zoipa. Mulungu sadana ndi njinga yatsopano, ndipo sakondwera kuti ana ake azingokhala otsalira. Koma chisoni cha mnzako sichidikira kuti uyambe wafika pamwamba. Chimakupeza pakamlatho, pamene liwiro lakoma, pamene kuima kukutayitsa zambiri. Chifundo chimene timachita titamaliza zathu zonse n'chabwino, koma n'chotsika mtengo. Chimene Mulungu amachiyang'ana ndi chija chimene chatidyera kanthu.

Akuluakulu anati maliro n'kulirana. Ife tazolowera kulira ndi amene adzatilire, abale athu ndi a mpingo wathu. Nanga waganyu wobwera uja, amene sadzakubwezera kanthu? Nayenso ndi wa Mulungu, ndipo misozi yake ndi yamchere ngati yako.

Musayembekezere kuti anthu akumvetsani. Adzati mwachita ulesi, adzati mwapeza pothawira, ndipo mwina simudzatha kuwatsutsa mpaka kalekale. Zisiyeni. Amene anakulengani amadziwa liwiro limene munali nalo, ndipo amadziwa chifukwa chimene munaimira.

Sabata ikubwerayi mudzakhala mukuthamangira zanu, ndipo Mulungu akudalitseni pa zimenezo. Koma penapake mudzakumana ndi munthu wosweka mtima, pa nthawi yolakwika, popanda wokuonani. Mawu aja adzabwera, akuti pita, ubwera mawa. Mawa limenelo ambiri a ife takhala tikulilonjeza kwa zaka, ndipo anthu ake tinawaika kale m'manda. Imani lero.