Ulusi Wodula ndi Mano

Aliyense amene analowapo mu shopu ya a Chiluma amakumbukira zinthu ziwiri: fungo la guluu ndi kaphokoso ka mano akudula ulusi. Bambowa anali mmisiri wokuta mipando. Sofa yothothoka, ija mwini wake amaiphimba ndi nsalu alendo akabwera, inkatuluka m'manja mwawo ngati mkwatibwi. Sizasi anali nayo, koma inali ya nsalu yokha. Ulusi ankaudutsitsa pamilomo kuti upotane bwino, n'kuupaka phula, n'kusoka. Akafika kumapeto ankawerama n'kuuluma, kenaka n'kubisa kansonga kake mkati mwa msoko. Dzina lija linachokera pamenepo.

Akazi awo ankawaseka nazo. "Mano amenewo adzakuthawani musanakalambe," ankatero.

"Sizasi imasowa, mano sasowa," ankayankha a Chiluma osadzutsa n'komwe mutu.

Masiku amenewo ankachita lendi pakona ya galaja yakale ya galimoto, ndipo mwana wawo wamkazi, yemwe anali asanayambe sukulu, ankasewera pakati pa masiponji. Poti anali wochepa thupi ndi wolowa paliponse, amakaniko anamutcha Kasingano.

M'mawa wina a Chiluma anauza anthu kuti akazi awo athawa ndi dalaivala wa thiraki. Nkhani inayenda msewu wonse dzuwa lisanafike pamutu. Anthufe ndife odabwitsa: utiuze kuti mkazi wa uje ndi wabwino, tifuna umboni, utiuze kuti wathawa ndi mwamuna, tiyamba kukumbukira kuti tinkamuona kale mayendedwe ake. Mmodzi yekha anakana, mng'ono wake wa mayi wosowayo.

"Alamu, achemwali anga sangasiye mwana," anatero ataima pakhomo. "Nsapato zawo ndi izi. Athawa osavala kanthu kuphazi?"

"Awagulira zina kumeneko," anayankha a Chiluma.

Mlamu wawoyo anakanena kupolisi. Anamumvera, anafunsa apa ndi apo, koma popanda mtembo kapena dontho la magazi nkhani inazilala. A Chiluma anasamutsa shopu yawo kupita msewu wina, akuti galaja ija inkawakumbutsa zambiri.

Chilungamo chake n'chakuti mwana anamulera. Ankamuluka tsitsi mokhotakhota mpaka anzake ankamuseka, anamusokera chikwama cha sukulu cha zidutswa zotsala, ndipo akadwala ankatseka shopu n'kukhala pambali pake. Kasingano anakula akudziwa zinthu ziwiri: kuti abambo ake ndi munthu wabwino, ndi kuti amayi ake anamusinthanitsa ndi thiraki. Chidani chimenechi anachisamala ngati mwana wake.

Amayi ake aang'ono aja sanatope kubwera. Tsiku lina, mtsikanayo atasinkhuka, anamubweretsera chithunzi chimodzi chokha chomwe chinatsala cha amayi ake. "Mako ndi mako, mwanawe," anatero. "Tenga uziwaona nkhope."

Kasingano anachilandira, anayatsa machesi, n'kuchigwira pakona mpaka moto unafika pazala. "Musadzabwerenso ndi nkhani za munthu ameneyu," anatero. "Ine mayi ndilibe." Mayi aja anatola phulusa ndi maso okha n'kubwerera akulira.

Zaka zinapita. Kasingano anaphunzira ntchito ya abambo ake, manja ake anauma ngati awo, ndipo nayenso ulusi ankadula ndi mano. Makasitomala ankaseka kuti mu shopu muli a Chiluma awiri.

Kenaka galaja yakale ija inagulidwa, ndipo eni ake atsopano anayamba kuigwetsa. Pansi pa simenti panali dzenje lija amakaniko amalowamo pokonza galimoto kunsi, lomwe linakwiriridwa ndi mchenga kalekale. Ogumula atafika pansi penipeni anapeza chimtolo chachitali cha nsalu yokhuthala yosalowa madzi, ija amakutira mipando ya basi. Chinali chosokedwa mbali zonse, msoko wowongoka, wopinda kawiri, wopanda pomwe nyerere ikanalowera. Wina anang'amba pang'ono ndi mpeni, n'kuponya mpeniwo n'kuthawa.

Apolisi anazinga malowo ndi chingwe, ndipo chimtolo chinapita kwa akatswiri opima mitembo. Iwo anapeza kuti anali mafupa a munthu wamkazi, ndipo kuseri kwa chigaza kunali bowo laling'ono lozungulira. Amayi aang'ono aja atamva anathamangira kupolisi, imvi zili mbuu, kukanena zomwe ananena kale ali mtsikana. Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo ulendo uno anawamvera.

Wapolisi wofufuza, mayi wolankhula mofatsa, anafika ku shopu masana a Chiluma atapita kukagula siponji. Anafotokozera Kasingano kuti akufuna kudziwa ngati mafupawo ali a amayi ake. "M'thupi la munthu aliyense muli chizindikiro chomwe timati DNA," anatero. "Theka amatenga kwa mayi, theka kwa bambo. Chimapezeka m'mafupa, m'magazi, ngakhale m'malovu. Mukalola, ndingopukuta mkati mwa tsaya lanu ndi kathonje aka. Simukukakamizidwa."

Kasingano anaseka. "Pukutani. Amayi anga ali moyo kwinakwake, akudya bwino ndi dalaivala wawo. Mwina amayi aang'onowo akaona zotsatira adzatisiya tipume." Anayasamula yekha, mosanyinyirika.

Madzulo anawauza abambo ake ngati nkhani yoseketsa. A Chiluma anali atawerama kuti alume ulusi. Anaima chomwecho, ulusi uli pamano, osaudula. Kenaka anati mutu ukuwapweteka, ndipo anakakhala panja mpaka nthawi yotseka. Kuyambira tsiku limenelo chakudya ankangochitosa.

Wapolisi uja atabweranso sanali yekha, ndipo galimoto anaimika pakhomo penipeni. Anapempha Kasingano kuti akhale pansi, a Chiluma ali chiimire pambali.

"Mafupa aja ndi a amayi anu," anatero. "Sanapite kulikonse. Anamwalira nthawi yomwe ija."

Wapolisi anadikira pang'ono n'kupitiriza, poti panalibe njira yabwino yonenera zotsalazo. Akatswiri aja atamasula msoko anapeza kuti nsonga za ulusi sizinadulidwe ndi sizasi koma zinalumidwa. Ulusiwo unali wopakidwa phula, wobisika mkati mwa mpindiro, pamalo pouma, ndipo phulalo linasunga malovu a wosokayo. Atayerekeza malovuwo ndi a pa kathonje kaja, anapeza kuti wosokayo ndi bambo womubereka Kasingano.

Anzake a wapolisi anali akuyang'ana kale pa thebulo la zida. Anatenga kanyundo kokhomera timisomali ta mipando, ka mutu waung'ono wozungulira, kachigwiriro kosalala ndi ukalamba, n'kukaika m'thumba la pepala.

"Ababa," anatero Kasingano, "auzeni anthuwa kuti makina awo alakwitsa."

A Chiluma anayang'ana manja awo.

"Ababa, ndikulankhula ndi inu. Kodi dalaivala uja analipo?"

"Kunalibe dalaivala, mwana wanga," anatero motsitsa. "Mayi ako anatopa ndi dzanja langa, poti ndinkamumenya. Anati akupita kwa mng'ono wake ndipo akutenga iwe. Ndinamuuza kuti apite yekha. Anakana. Anati popanda iwe sasuntha. Anatembenuka kuti akakutenge, ndipo ine nyundo inali m'manja."

"Ndiye munakhala pansi n'kuwasoka? Bwinobwino chonchija?"

"Sindinkafuna kuti dothi limukhudze."

Mawu amenewo ndi omwe anamuthyola Kasingano. Munthu wina akanakulunga mwachangu n'kumanga ndi chingwe, chinyezi ndi chiswe zikanamaliza zonse. Koma a Chiluma sankadziwa kusoka moipa. Manja omwe anapha ndi omwenso anasunga umboni, mwaluso lomwelo lomwe ankalipirira mwana sukulu.

Kukhoti sanavute. Atawapukuta tsaya nawonso, zonse zinagwirizana, ndipo bowo la m'chigaza linafanana ndi mutu wa kanyundo kaja. Anavomera, ndipo woweruza anawalamula kukakhala kundende moyo wawo wonse. Anthu a mumsewu, omwe aja ankakumbukira mayendedwe a malemu, tsopano anayamba kukumbukira kuti bambowo maso awo sankawakhulupirira chiyambire. Palibe ndi mmodzi yemwe anapita kukapepesa kwa mng'ono wa malemu.

Mafupa anaikidwa m'manda patabwera anthu ochepa. Pobwerera Kasingano anawagwira mkono amayi ake aang'ono. "Amayi," anatero, ndipo kanali koyamba kuwaitana choncho, "mulibe chithunzi china?"

"Chinali chomwe chija, mwanawe."

"Nanga ankaoneka bwanji?"

Mayi aja anayesa kufotokoza: mphumi yotere, kuseka kotere, kachipsera pachibwano. Kasingano anatseka maso kuti aone nkhopeyo, koma chomwe chinabwera ndi pepala likupsa pakati pa zala zake. Anali atatukwana kwa moyo wake wonse mayi amene anafa chifukwa chokana kumusiya, ndipo anali atapereka ndi pakamwa pake bambo amene ankamuluka tsitsi. Sankadziwa kuti alire uti, ndipo kulira kwa mmodzi kunkaoneka ngati kulakwira mnzake.

Shopu anaitsegulanso, poti njala siidziwa maliro. Tsiku loyamba anakuta mpando wa kasitomala, nasoka msoko wowongoka, wopinda kawiri, monga anaphunzitsidwira. Atafika kumapeto anawerama mwachizolowezi, ulusi unakhudza mano, ndipo anaulavula n'kuthamangira panja. Atabwerera anatenga sizasi, koma sanathe kudula. Anakhala pansi pakati pa masiponji, ulusi uli lende pampando, nalira mokweza ngati kamwana kaja kanasiyidwa m'galaja.

Ndimamumvera chisoni mtsikana ameneyu kuposa wakufa ndi womangidwa, chifukwa iye sanasoke kanthu koma ndi amene watsala ndi mtolo. A Chiluma ankayesa kuti mchenga, simenti ndi zaka zidzawamalizira ntchito. Mnofu unatha, amakaniko anabalalika, galaja inagwa, mano awo omwe anayamba kugweduka monga ananenera malemu. Koma kansonga ka ulusi kanadikira mumdima mpaka mwana atakula n'kuyasamula yekha pamaso pa wapolisi. Akuluakulu sananame: mlandu suwola.