Tsiku Limene a Sizasi Anameta Mtengo wa Malalanje

"Chilichonse chomera, kaya pamutu kaya panthaka, chimandidziwa ine," anatero a Sizasi akudziguguda pachifuwa. "Zaka makumi awiri ndikumeta anthu, palibe anachoka m'manja mwanga akulira. Ndiye kamtengo kandivute?"

Linali Lachiwiri, magetsi atathima kuyambira m'mawa. Makina ometera anali zii, makasitomala anabalalika, ndipo mkuluyu anabwerera kunyumba manja akuyabwa. Paja wometa akasowa mutu woti aumete amaopsa kuposa mavu. Anayamba ndi kapinga, kumumeta mpala. Anapita pa mpanda wa maluwa, kuulinganiza ngati tsitsi la msilikali. Anakhala pansi, anadzukanso, anazungulira nyumba kawiri. Kenaka maso awo anatera pa kamtengo ka malalanje kuseri kwa khitchini.

Kamtengoka sikanali kamasewera. Malemu bambo a mkazi wawo ndiwo anakamezanitsa ndi manja awo: tsinde la ndimu pansi, kanthambi ka malalanje awo otsekemera pamwamba. Mtengo waukulu wa kwawoko unauma chaka chomwe anamwalira, choncho mbewu yonse inatsalira m'kanthambi kamodziko. Mkazi wawoyo ankakasamala ngati khanda: madzi m'mawa, manyowa pa nthawi yake, udzu wophimbira patsinde kuti chinyezi chisathawe dzuwa likakwiya.

Tsono chaka chimenecho mvula itagwa, kamtengoko kanali ndi nthambi ziwiri. Ina yokhota, yonyozeka. Inzake inaphukira m'munsi, yowongoka, yobiriwira, minga ngati singano.

"Ziwirizi zikulimbirana chakudya," anatero a Sizasi. "Imodzi ichoke."

"N'zoona, bambo a mwana, koma iti?" anafunsa mkazi wawo. "Bambo ankanena, ine ndaiwala. Dikirani ndikaitane wogulitsa mbande uja, ali pamsewupa."

"Uja amabwera kwa ine mutu uli ngati chisa cha mbalame? Iyeyo andiphunzitse kudula?"

Mayiwo anathamangabe. Koma kudikira a Sizasi sanabadwe nako. Anapendeketsa mutu uku, anapendeketsa uku, monga amachitira ndi kasitomala, nkugamula mlandu: chokhota ndicho chimachoka. Khapu! Nthambi ija anaiponya pamoto wa zinyalala, poti wometa waukhondo sasiya tsitsi pansi.

Wa mbande atafika ananjuta, nkusisita tsinde ndi chala.

"Achimwene, chipsera cha pomezanitsa chili kuti? Chifukwatu chilichonse chophukira pansi pa chipsera..."

"Chipsera ndachotsa, chimanyansa. Taonani mmene wakongoleramu! Inu bwererani ku machubu anu."

Wa mbande anayang'ana utsi, anayang'ana mayi aja. "Chabwino, akatswiri. Mudzandiitane tsiku lolawa."

Mtengo unakuladi ngati ukuthamangitsidwa. A Sizasi sankagona nazo. Kasitomala aliyense, lumo lili pakhosi, ankamva za mtengowo, ndipo ndani angatsutse munthu atagwira lumo? M'mawa uliwonse asanapite kuntchito ankakawerenga maluwa. Masana ankathawa kushopu kudzaona ngati awonjezekera.

Chaka chachitatu zipatso zinabwera, zikuluzikulu, zachikasu.

"Koma malalanje a bambo sanali okhakhala khungu chonchi," anatero mayiwo, mtima uli m'mwamba.

"Ndi manyowa amenewo, mayi. Akhuta."

Zitapsa, a Sizasi anatumiza uthenga kwa apongozi awo aakazi kuti adzalawe malalanje a malemu amuna awo. Wa mbande naye anaitanidwa, kuti adzachite manyazi pagulu. Mipando inaikidwa pansi pa mtengo. A Sizasi anathyola chachikulu kuposa zonse, nkuchisenda mwaluso, khungu lonse kutuluka chingwe chimodzi.

"Amayi, landirani. Ntchito ya manja anga."

"Yambani ndinu, bambo," anatero apongoziwo, akununkhiza khungu lija. "Mwini ntchito ndiye amalawa."

A Sizasi anaponya theka lonse m'kamwa. Diso lakumanzere linatsekeka lokha. Masaya analowa m'kati, khosi linauma gwa, phazi linayamba kupalasa pansi.

"Kutsekemera kwake..." anayesa kutero, "kumabwera kumapeto."

"Ndimu uyu," anatero apongoziwo motsitsa mawu, nkuika khungu lija pampando. "Lalanje la amuna anga munaliotcha."

Mkazi wawo anatola chitini chomwe ankathirira nacho zaka zonsezi, anachivundikira pansi, nkulowa m'nyumba.

Wa mbande anavula chipewa, nasuzumira nkhope ya wometayo.

"Achimwene, paja mumati palibe anachoka m'manja mwanu akulira? Nanga ikutsikayi ndi mvula?"

A Sizasi anafuna kuyankha, koma mano anali atayayamira, lilime litakana ntchito. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.