Holo ya a Tipa

Kuseri kwa nyumba ya a Tipa kunali khwawa. Dzina loti Tipa analitengera ku galimoto yawo yonyamula mchenga ndi miyala, imene ankaikonda kuposa achibale ena. M'chilimwe khwawalo linkangouma gwa, koma mvula ikagwa, madzi a m'madenga ndi m'ngalande za dera lonse ankatsikira momwemo popita kudamu, kumene akampani ya madzi amapopa madzi a m'mipopi ya mumzinda.

Tsiku lina masana a Tipa analowa m'khitchini akuthamanga, fumbi lili mbuu kumapazi.

"Mayi, ndaganiza! Ukwati wa mwana wathu sitikachitira mu holo ya eni ake. Timanga yathuyathu, kuseri komweku!"

Mkazi wawo anaika pansi mbale imene ankatsuka. "Kuseri kwake kuti, abambo? Si kukhwawa kumeneko?"

"Linali khwawa dzulo. Mawa likhala bwalo!"

Munthu akakhala ndi tipa, dzenje lililonse amaliona ngati likumupempha dothi. Kutacha, a Tipa anagwetsa mitengo ya m'mbali mwa khwawa, bango n'kulitentha, kenako anayamba kututa zibuma ndi zidutswa za njerwa kumalo omanga. Ankathira akuimba, akuliza hutala, anthu oyandikana nawo akuwaombera m'manja. Pansi penipeni anaikapo kapaipi konenepa ngati ntchafu, koti madzi azidutsamo.

Alamu awo, achimwene a mkazi wawo, anali m'gulu losamalira mtsinje, ndipo Loweruka lililonse ankabzala mitengo m'mphepete mwake. Atafika anagwira pakamwa.

"Alamu, mitengo ndi bango mwathazi ndi zimene zimagwira dothi kuti lisakakwirire damu. Nanga madzi a dera lonseli adutsa bwanji m'kapaipi aka?"

"Aima pamzere, azidutsa mmodzimmodzi ngati anthu kuchipatala!" anatero a Tipa, akuseka mpaka kugwira m'mimba. "Inu konzani suti basi, alamu. Zamadzi ndisiyireni ine."

Holo inakwera ngati bowa. Malata onyezimira, matailosi oyera mbee, magetsi amitundumitundu kuzungulira denga. Anthu ankachita kupatuka panjira kudzasuzumira pawindo. Mkwatibwi, chisamba cha a Tipa, ataiona anadumpha n'kuwakumbatira.

"Adadi, anzanga afa ndi nsanje! Ine wokwatira mu holo ya bambo anga?"

A Tipa anasangalala mpaka misozi inalengeza. Chimene ankafuna pamoyo wawo n'chomwecho, kuti tsiku la mwana wawo lidzakhale losaiwalika, ndipo anthu adzati bambo ake ndi mwamuna.

Tsiku laukwati kunacha bwino, ngakhale mvula inali itayamba kale chaka chimenecho. Pofika masana holo inali itadzaza thothotho. Nyimbo zinkagunda mpaka m'chifuwa, azakhali atavula nsapato, ndipo a Tipa, atabaya suti yatsopano, anali pakati akuvina ndi mwana wawo, thukuta lili kamukamu. Mvula itayamba kuwomba malata, anthu anakuwa kuti, "Madalitso amenewo!" Woimbitsa nyimbo anangokweza zokuzira mawu.

Kunjaku, mabotolo ndi majumbo a dera lonse anali atatseka kale kukamwa kwa kapaipi kaja. Madzi anaunjikana kuseri kwa khoma, ofiira, akuthovoka, akufunafuna podutsa.

Woyamba kukuwa anali mayi wina wonyamula mbale. "Madzi! Madzi akulowa!" A Tipa anacheuka akumwetulirabe, n'kuona chitseko chakumbuyo chikutseguka chokha. Matailosi anayamba kuthetheka pansi pa mapazi awo, chifukwa zibuma zija zinali kukokoloka kunsi.

"Zimitsani magetsi! Aliyense atuluke chakumaso!" anakuwa alamu aja, atanyamula kale agogo ena kumsana.

Kunali chipwirikiti. Mipando inkayandama, mphatso zinkatuluka pakhomo zisanatsegulidwe, tebulo la keke linazungulira kamodzi n'kulowera kumtsinje. Mkwati ananyamula mkwatibwi, madzi akumufika m'chiuno. Munthu womaliza atangotuluka, khoma lakumbuyo linagwa, khuu!

Palibe anafa, ndipo pamenepo a Tipa anathokoza Mulungu. Magalimoto aang'ono onse anali atatitimira m'matope, choncho alendo a masuti ndi madiresi anakwera kumbuyo kwa tipa ngati mchenga. Mkwatibwi anakhala kutsogolo, pambali pa bambo ake, diresi lake loyera lili katikati ndi matope. Sanalire. A Tipa akanakonda akanalira.

"Mwanawe, ine ndimafuna kuti iwe..."

"Adadi, chonde musanene kanthu. Ingoyendetsani."

Mawu amenewo anawalasa mumtima kuposa kugwa kwa khoma. Analiza galimoto n'kunyamuka, manyazi atawagwira.

Kutacha, mipopi ya dera lonse inkatulutsa madzi amatope, chifukwa dothi lonse limene a Tipa anathira linali litakakhala m'damu. Amayi ankadutsa ndi zidebe zopanda kanthu, akuponya maso kunyumba kwawo osapereka moni. A Tipa anaima pakhomo pa holo yawo, manja ali kumbuyo. Pakati penipeni, pamene dzulo ankavina ndi mwana wawo, pankayenda mtsinje mwakachetechete, osafulumira, ngati mwini nyumba amene wangobwerako kuulendo.

Akuluakulu sananame: madzi saiwala khwawa.