Nantchengwa Alephera Kusankha Dziko

Nantchengwa ndi mkazi wake Nangozo ankakhala pa dambo lina lalikulu, kwawo kwa mkaziyo. Awiriwa sankakangana za chakudya, poti achule pa dambopo anali osayamba. Mkangano wawo unali umodzi wokha. Nantchengwa anatopa ndi kutchedwa mkamwini ndipo ankafuna kusamuka, koma akafunsidwa kumene akufuna kupita, ankangokanda m'mutu.

Pa zomanga, mbalame imeneyi inali katswiri, zimenezo tisabise. Chisa chake chinkakhala chachikulu ndi cholimba, choti nyani akanatha kuvinapo pamwamba osagwa. Vuto linali m'mutu mwake muja, mutu wosongoka kutsogolo ndi kumbuyo komwe: maganizo akalowera uku, ankatulukira uko. Ukamufunsa ngati akufuna chule kapena nsomba, chakudyacho chinkathawa yankho lisanabwere.

Tsiku lina analimba mtima napita kwa atsibweni a mkazi wake kukapempha chitengwa, ndiko kuti amutenge Nangozo akakhale naye kwina. Nkhalambayo inamvetsera ili chiimire m'madzi.

"Palibe choletsa, akamwini," anatero atsibweni. "Mwatigwirira ntchito, sitikudandaula. Koma mwana wathuyu mukupita naye dziko liti?"

"Dziko labwino, apongozi."

"Labwinolo ndi liti?"

"Ndilo ndikufuna ndikaone."

Atsibweni anayang'ana Nangozo, Nangozo anayang'ana pansi. Chilolezo chinaperekedwabe, poti mwamunayo anapempha mwaulemu. Ndipo potsata mwambo wa pa dambopo, chisa cha banja losamuka chinapatsidwa kwa mng'ono wake wa Nangozo, yemwe anali atangokwatiwa kumene. Nangozo anayamba kugona pa nthambi, kudikira kuti mwamuna wake apeze malo.

"Bambo," anatero Nangozo, "kumbukirani kuti mvula ikayamba, ine ndiikira. Mazira akafika nthawi yake sindingawauze kuti adikire."

"Usade nkhawa," anayankha Nantchengwa. "N'za kanthawi kochepa izi."

Woyamba kumufunsa nzeru anali Kakowa, mbalame yoyera ija yoyenda ndi ng'ombe, yomwe sinkalankhula kanthu popanda kudzitama.

"Achimwene, mukuvutikiranji?" anatero Kakowa. "Pitani ku chigwa, kwathu. Kumeneko nsomba zimachita kukupemphani kuti muzidye. Chisanu timangochimva kwa alendo."

Nantchengwa anauluka mpaka ku chigwa, ndipo anapeza mtsinje waukulu, nsomba zili yakaliyakali m'mbali mwa bango. Anadya mpaka mimba inati ndi. Wina aliyense akanabwerera pomwepo kukatenga mkazi, koma anantchengwa ali ndi chikhalidwe chawo: sakhulupirira kuti dziko alidziwa asanamangemo n'kugonamo. Choncho anasankha mphanda ya mtengo wa msangu nayamba kututa timitengo.

Anatuta timitengo, anatuta bango, anatuta tsekera. Anamanga makoma, anafolera denga, anamata khomo ndi matope mpaka linasalala. Ntchitoyo inadya milungu, koma chisa chinatuluka chokoma, moti mbalame za kumeneko zinkabwera kudzangochiona. Atatha analowamo kuti apume, ndipo sipanapite nthawi anatuluka ali wefuwefu, mlomo uli yasa.

"Kodi m'dziko muno dzuwa limalowa m'nyumba?" anadzifunsa motero.

Pa nthambi ina panatera Namzeze, mbalame yosakhazikika, yomwe inkati yaona maiko onse. Anamuseka Nantchengwa mpaka misozi.

"Mukudziwotcheranji kuno, akulu? Mukuona mapiri obiriwira awo? Kumene kuja mphepo ndi yaulere. Ukagona, umachita kudzutsidwa."

Nantchengwa anayang'ana chisa chake, anayang'ana mapiri, anayang'ananso chisa. Mumtima anati kungokaona sikulakwa. Anauluka osatsanzika aliyense, chisa chatsopano n'kuchisiya chili pululu.

Ku mapiri kunalidi kamphepo kokoma, ndipo Nantchengwa anati dziko ndi limeneli basi. Anamanga chisa china pa phanga la thanthwe, chachikulu kuposa choyamba. Koma m'mawa uliwonse nkhungu inkaphimba zonse, moti ankawomba mitengo pouluka. Timitsinje ta kumeneko tinali tozizira, topanda nsomba, ndipo nkhanu imodzi yomwe anaigwira inamuluma mlomo n'kuthawa.

Njala itamuwawa anakumana ndi Khwangwala, mlongolodzi wodziwika, amene anabwera kumapiriko kudzaona abale.

"Aise, iwe ukadali m'tchire?" anatero Khwangwala. "Anzako onse ozindikira ali m'tauni. Kumene kuja sutuluka thukuta pofuna zomangira. Waya, nsanza, majumbo a mitundumitundu, zonse zili mbwee pansi."

Kunena zoona, apa Nantchengwa anayenera kukumbukira mkazi wake. Anamukumbukiradi, koma anati ndi bwino akamuuze zonse pamodzi. Anapita ku tauni nayamba chisa chachitatu pa mtengo wa m'mbali mwa ngalande, kuseri kwa msika. Anachikongoletsa ndi majumbo a buluu ndi nsapato yakutha, koma asanamate khomo mwala wa legeni unamuphonya pang'ono, ndipo anathawa osacheuka.

Pamene ankafika pa dambo paja, mvula ya chizimalupsa inali itagwa kale. Anapeza Nangozo pa nthambi yomwe ija, nthenga zitanyowa, thupi litalemera.

"Mwabwera," anatero Nangozo. "Ndiye tikupita kuti?"

"Ku chigwa kuli nsomba, koma kukutentha."

"Ndiye ku chigwa ayi?"

"Sindinatero. Ku mapiri kuli mphepo yabwino, koma kulibe nsomba. Ku tauni kuli majumbo."

"Majumbo timadya?"

"Sitidya, koma ndi okongola." Nantchengwa anausa moyo. "Zikanakhala kuti nsomba za ku chigwa zili ku mapiri, ndipo mapiriwo ali m'tauni, bwenzi nditasankha kalekale."

Nangozo sanali mkazi wolongolola, koma tsiku limenelo mawu anatuluka olimba.

"Bambo, ine sindikufuna dziko loposa onse. Ndikufuna denga. Kaya kutenthe, kaya kuzizire, tchulani dzina limodzi tizipita."

"Mawa," anatero Nantchengwa. "Ndifunsenso kaye."

M'mawa mwake anaitana alangizi ake onse atatu kuti alankhule pamodzi, poganiza kuti zikatero mutu wake uyera. Kunali kulakwa kwakukulu. Kakowa anati ku mapiri kumakhala amphawi, Namzeze anati m'tauni mumanunkha, Khwangwala anati ku chigwa madzi akasefukira amatenga ndi mitengo yomwe. Kenaka Namzeze anawonjeza kuti ngati ndi dziko labwino zedi, lili kutsidya kwa nyanja yamchere, ndipo atatuwo anayamba kulalatirana mpaka aliyense anauluka njira yake.

Nantchengwa anatsala ali kakasi. Tsopano sankakumbukanso bwino kuti nkhanu inamuluma kuti, kapena legeni inali ya ku mapiri kapena ya ku chigwa. Anafunsa Nangozo ngati madzi osefukira aja anali a m'tauni.

Patapita masiku, mitambo yakuda inasonkhana ndipo mabingu anayamba kugunda. Nangozo anadzuka akubuula.

"Ndi lero," anatero. "Tsogolani."

Anauluka kulunjika ku chigwa. Ali pakati pa ulendo Nantchengwa anakumbuka kutentha kuja, nakhotera ku mapiri. Nangozo anatsatira akupiza mapiko movutika. Atafika pa thanthwe paja anamva kulira kwa chinthu m'kati mwa chisa, ndipo asanasuzumire n'komwe njuchi zinatuluka zili wii, poti zinali zitamanga kale malesa m'menemo.

Anathawa, ndipo poti tauni inali pafupi, analowera kumeneko. Chisa cha majumbo chija chinalipo, koma pakhomo panali nkhope yoyera ya Kadzidzi, maso ali tong'o.

"Odi, chisachi ndi changa," anatero Nantchengwa.

"Chanu?" anafunsa Kadzidzi mwaulesi. "Munagonamo liti?"

"Sindinagonemo, koma ndinamanga ndine."

"Ine ndinachipeza chopanda mwini, khomo losamata. Panopa muli ana anga. Mukufuna ndiwataye panja?"

Nantchengwa anayamba kuganiza ngati akangane kapena apepese, ndipo akanaima pomwepo mpaka madzulo. Nangozo ndiye anamukoka phiko. Kunatsala ku chigwa kokha, ulendo wautali, ndipo mvula inali itayamba kudontha.

Pa chisa cha ku chigwa sanafikepo. Atangofika pa mtsinje waukulu uja, mphamvu za Nangozo zinatha, ndipo anatera pa mchenga wa m'mbali mwa madzi. Pomwepo, pamtetete, popanda denga kapena khoma, anaikira mazira ake oyera. Analira ndi manyazi, poti chibadwire sanamvepo kuti nantchengwa waikira pansi ngati nkhanga.

Mvula itakata pang'ono, Nangozo anali akunjenjemera ndi njala.

"Bambo, ndikagwire kansomba apa pomwe, apo ayi ndikomoka. Inu khalani pa mazirawa. Osachoka. Mwamva?"

"Ndamva," anatero Nantchengwa, nakhalapo.

Anakhaladi, koma maso sanakhale. Patsogolo pake panali mtengo wa mkuyu wa mphanda yabwino, ndipo anaganiza kuti atamangapo msanga, mkazi wake angamukhululukire. Koma kutsidya kwa mtsinje kunali mkuyu wina, wooneka wamtali pang'ono. Wa kuno unali pafupi ndi madzi, wa uko unali ndi mthunzi, ndipo funso loti wabwino ndi uti linayamba kumuyabwa m'mutu.

"Ndingokaona kamodzi," anadziuza yekha. "Sindichedwa."

Anaulukira pa mtengo wa kuno, kenaka wa kutsidya, kenaka anabwerera pa wa kuno kuti atsimikize. Nthawi yonseyo Ng'azi, buluzi wamkulu wa m'mitsinje amene sakana dzira, anali m'bango akuonerera. Iye sanavutike ndi kusankha. Anatuluka, anameza dzira loyamba, anaswa lachiwiri, ndipo anapitiriza mpaka onse anatha.

Nangozo pobwera anangoona mchira wa Ng'azi ukulowa m'madzi. Pa mchenga panali zigoba zokha. Mwamuna wake anatera pambali pake, kamtengo kali kukamwa, nayamba kufotokoza za mikuyu iwiri ija, koma mawu anamuthera ataona pansi.

Nangozo sanakuwe ndipo sanatukwane. Anasonkhanitsa zigobazo ndi mlomo, nazikwirira ndi mchenga, misozi ikugwa.

"Mwamanga nyumba m'maiko atatu," anatero, "koma ana anu afera panja."

Atatero anatambasula mapiko.

"Ukupita kuti?" anafunsa Nantchengwa.

"Kwathu ku dambo. Ndikapempha pogona kwa mng'ono wanga."

"Koma kodi ku dambo ndi kwabwino kuposa kuno?"

"Sindikudziwa, bambo. Koma ndikupita."

Anauluka osacheuka. Nantchengwa anadumpha kuti amutsatire, kenaka anaganiza kuti mwina ndi bwino amange kaye kuti akamutenge zonse zitakonzeka, kenaka anaganizanso zomutsatira. Pamene ankatukula mutu, mkazi wake anali atazimiririka m'mitambo. Mvula inabwereranso mwamphamvu, ndipo inamupeza ali yekha pa mchenga, kamtengo kakadali kukamwa.

Phunziro: Palibe dziko limene lili ndi zabwino zonse. Funsani nzeru, yerekezani malo, koma nthawi ikakwana sankhani amodzi ndi kukhazikikapo, chifukwa amene akudalira inu sangadikire mpaka kalekale, ndipo mukachedwa kusankha, ovutika ndi iwowo.