Mkamwini Amene Anakana Kuthamangira Mfuu

Kalekale, nkhalango ya kuseri kwa phiri ili isanalawe nkhwangwa, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina dzina lake Kamwaza. Sanali mbadwa ya pano ayi, anali mkamwini. Mkazi wake anamwalira pobereka, n'kusiya khanda lalikazi limene analitcha Masiye. Akuchikazi anafuna kumusudzula kuti abwerere kwawo, iye anakana kwamtuwagalu. Apite kuti mwana akulira?

Chaka chimenecho m'mudzi monse munalibe mayi woyamwitsa. Chimene chinkasunga Masiye ndi mbuzi imodzi yaikazi yamawanga. Kamwaza ankaikama m'mawa ndi madzulo, n'kumamudonthezera mwanayo mkaka pakamwa. Mbuziyo ikanafa, mwananso akanatsatira amake.

Tsono kunabwera mimbulu. Inu a lero mimbulu simuidziwa, mumathawa ndi kagalu komwe. Mimbulu imasaka masanasana, ili chigulu, ndipo nzeru zake n'zoopsa.

Lamulo la mudzi linali lakuti mfuu ikamveka, mwamuna aliyense atole nthungo athamangire komweko. Wotsala ankatchedwa wamantha mpaka kumanda. Lamulo labwino, si choncho? Mimbulu inaliphunzira lamulolo. Umodzi unkatulukira kudambo ukutsimphina, lilime lili panja. Amayi otunga madzi ankakuwa, amuna onse liwiro. Mmbuluwo tsimphi tsimphi patsogolo, anthu pambuyo, mpaka kutsidya kwa mtsinje. Pobwerako chimanjamanja ankapeza inzake yadya mbuzi kumtunda kuno. Kamodzi. Kawiri. Katatu! Makolo athu mtima anali nawo, koma mfuu ikamveka mutu ankausiya pakhomo.

Kamwaza nayenso ankathamanga, koma ulendo wachitatu anaona kanthu. Anapita kwa mlamu wake Chibwe, mwini mbumba.

"Alamu, mmbulu uja sunapweteke ayi. Dzana unkatsimphina mwendo wakumanzere, lero wakumanja. Ukutikoka dala."

Chibwe anaseka chikhakhali. "Alamu, kukama mbuziku kwakufewetsani. Ngati miyendo yatopa tangonenani, tikupatseni mtondo muzisinja ndi azimayi."

Sipanapite masiku, mfuu inamvekanso kudambo. Amuna onse nyamu. Kamwaza anaimirira, mapazi akumuyabwa, kenako anayang'ana mbuzi ija n'kukhalanso pansi. Chibwe podutsa anamutsomphola nthungo m'manja. "Wamantha nthungo achita nayo chiyani?" Anapita nayo.

Mukuganiza kuti kunali kosavuta? Mkamwini, mudzi wa eni, azimayi onse akumuloza ndi milomo. Apongozi ake, amene mwamwambo sankayang'anana naye, anayankhulira kuseri kwa nkhokwe: "Kodi pakhomo pano pali mwamuna, kapena mwana wanga anakwatiwa ndi chitsa?" Mawu amenewo anamulasa Kamwaza. Manyazi anamugwira mpaka misozi inalengeza, koma sanasunthe. Anamangirira mbuzi pamwendo wa nkhokwe, n'kutola munsi umene unali pamtondo.

Mapesi a chimanga anayamba kugwedezeka. Inatuluka mimbulu isanu, yopanda phokoso, makutu ali njo. Azimayi anathawira m'nyumba ndi ana. Kamwaza anaima pakati pa mbuzi ndi zilombozo. Woyamba anaumenya pamphuno, wachiwiri unamuluma katumba, wachitatu unamugwira dzanja n'kudula zala ziwiri. Iye osasiya munsi. Anamenya, anamenya, anamenyanso, mpaka umodzi unagwa osadzukanso. Inzake itaona choncho inabwerera m'mapesi muja.

Amuna anafika thukuta lili kamukamu, opanda ngakhale mchira. Anapeza mmbulu wakufa pabwalo, Kamwaza atatsamira nkhokwe magazi ali chuchuchu, mbuzi ikunjenjemera koma yamoyo. M'nyumba Masiye ankalira ndi njala.

Chibwe anayang'ana nthungo ziwiri zimene zinali m'manja mwake. Anaziika pansi, anagwada, n'kuomba m'manja.

"Alamu, ndakulakwirani. Chitsiru ndine."

"Zimenezo tikambirana," anatero Kamwaza. "Mwana sanamwe chim'mawire, ndipo dzanja langali silingathe. Takamani mbuziyi."

Chibwe, mwini mbumba, munthu woopedwa, anagwada pansi pa mbuzi mudzi wonse ukuona. Sankadziwa n'komwe pogwira, mbuzi inamuponda kawiri, ndipo palibe anaseka. Anakama tsiku limenelo, anakama mawa lake, anakama mpaka Masiye atayamba kudya phala.

Masiyeyo anakula, anabereka ana asanu ndi awiri, ndipo m'modzi mwa iwo ndi amene anabereka agogo a mayi anga. Ine ndikamawerenga mitu yanu pano mtima wanga umathokoza, chifukwa ndimadziwa pamene tinapulumukira. Ndiye chake mpaka lero pa mbumba yathu, kukamveka mfuu, kaya ndi moto kaya ndi wakuba, m'modzi amatsala pakhomo kuyang'ana kumene ena onse afulatira. Ameneyo musadzamuseke, mwamva? Nonsenu mukupuma lero chifukwa munthu m'modzi analola kutchedwa wamantha.